Mafilimu akale a m'mafakitale a mavalavu: mwini wake ndani lero? Mafunso ndi mayankho

Amene mumakonda kutokosa mawailesi akale kapena ma ampulifaya a gitala muyenera kuti munakumanapo nawo makanema awa pa intaneti. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, amayi akhala mondondozana pa mabenchi, aliyense wagwira kachitsulo kopanira, ndipo kumbuyo kwawo chimakina chozungulira chikulavulira malawi pa timabotolo tagalasi. Ukaonera kamodzi umafuna kuonetsako anzako, kudulako kagawo kophunzitsira ana a sukulu, mwinanso kuikapo mawu a Chichewa. Apa m'pamene mafunso amayambira. Ine si loya, ndine munthu wa mawaya amene ndinapsapo zala pa nkhaniyi, choncho ngati mukufuna kupanga malonda ndi filimu inayake, kaonaneni ndi wodziwa malamulo.

Valavu n'chiyani kwenikweni?

Ndi kabotolo kagalasi kooneka ngati babu, kochotsedwa mpweya wonse. M'kati muli kachitsulo kamene kakatenthedwa kamatulutsa ma electron (tinthu tosaoneka tonyamula magetsi), china chowalandira, ndipo pakati pake pali kaukonde ka waya kolamulira kuchuluka kwa odutsawo. Mphamvu yochepa ikafika pa kaukondeko imasintha mphamvu yaikulu yodutsa m'botolomo, n'chifukwa chake mawu ofooka ochokera pa eriyo amatha kugwedeza sipika. A ku Britain amati valve, a ku America amati tube.

John Ambrose Fleming anapanga yoyamba mu 1904, ya zitsulo ziwiri zokha. Lee de Forest ndiye anawonjezera kaukondeko mu 1906. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu, wailesi, telefoni zakutali, rada ndi makompyuta oyambirira zonse zinkadalira mavalavu. Kompyuta ya ENIAC yokha inali ndi mavalavu oposa 17,000. Tranzisita, kachipangizo kakang'ono kogwira ntchito ya valavu, itatulukira ku Bell Labs ku America mu 1947, ufumu wa valavu unayamba kugwa pang'onopang'ono.

Kodi zimenezi zinafikako kwathu kuno?

Zinafika, ndipo agogo ambiri anayamba kumva Chinyanja pa wailesi kudzera m'mavalavu. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa wailesi yotchedwa Saucepan Special, pempho lake litachokera kwa Harry Franklin amene ankatsogolera zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia. Inali ya mavalavu anayi, yoyendera batire, yopakidwa utoto wabuluu, thupi lake looneka ngati sefuliya, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Anthu a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland ankamverapo mapulogalamu ochokera ku Lusaka. Wailesi ya mavalavu yomwe ine ndinakulira nayo inali yamagetsi: ukaitsegula sinkalankhula nthawi yomweyo, umadikira kaye kuti itenthe, uku ukusuzumira kumbuyo kuona timoto tofiira tikuyaka m'magalasi.

N'chifukwa chiyani makampani ankawononga ndalama kujambula mafakitale awo?

Anali malonda, koma ovala jekete la mphunzitsi. Kampani inkafuna kuti wokonza mawailesi, wogulitsa m'sitolo ndi mwana wa sukulu yaukachenjede akhulupirire kuti valavu yake ndi yodalirika kuposa ya mnzake. Mafilimuwo ankawabwereketsa, kawirikawiri kwaulere, ku masukulu, m'makalabu a okonda wailesi ndi m'misonkhano ya amalonda. Ena anali okopa anthu ofuna ntchito, ena ophunzitsira olembedwa kumene.

Awiri amatchulidwa kwambiri. Wina ndi Electrons on Parade wa kampani ya RCA, wa mu 1942. Wina ndi The Blackburn Story wa kampani ya Mullard, wa m'zaka za m'ma 1960, woonetsa fakitale ya ku Blackburn m'chigawo cha Lancashire. Fakitale imeneyi inatsegulidwa mu 1938 ndipo inakula mpaka kulemba anthu masauzande. Ndawatchula dala awiriwa chifukwa wina ndi wa ku America, wina wa ku Britain, ndipo muona kutsogoloku kuti kusiyana kumeneku kumalemera kuposa zaka zawo.

Munthu akaonera amaphunziramo chiyani chomwe m'buku mulibe?

Manja. Buku limakuuza kuti kaukonde kaja ndi waya wokulungidwa pa timitengo tiwiri tachitsulo. Filimu imakuonetsa makina akukulunga waya wowonda kuposa tsitsi, mzere wautali n'kumadulidwa tizidutswa, kenako mayi wina n'kutola kamodzi, kukayang'ana pa kuwala, n'kukalowetsa m'timabowo ta mica osakapinda ngakhale pang'ono. Mica ndi mwala wosendeka ngati pepala, wosapsa, ndipo ndi umene umagwira zitsulo zonse kuti zisakhudzane. Akatha kusanja amawotcherera ndi kamakina kopondera phazi, kamoto kamodzi thwa, watenga ina.

Mumaonanso mmene tungsten, chitsulo chosasungunuka msanga, amamukokera kuchoka pa kamtengo kokhuthala mpaka kukhala ulusi, kudutsa m'timabowo ta dayamondi tocheperachepera. Mumaona kachitsulo ka nickel kakupoperedwa mankhwala oyera a barium ndi strontium, omwe ndi amene amapangitsa kuti katulutse ma electron mosavuta. Kenako pamabwera chimakina chozungulira chija: botolo limavundikiridwa pa zitsulo zosanjidwazo, malawi a gasi amasungunula galasi m'munsi kuti limatane ndi tsinde, pampu imayamwa mpweya, ndipo kamchira kagalasi kamatsekedwa ndi moto.

Gawo lomwe ine limandikomera ndi la getter. M'botolo lotsekedwa kale muli kamphete kokhala ndi barium. Amakatenthetsa ali kunja, popanda kukhudza, pogwiritsa ntchito koyilo ya magetsi, ndipo mwadzidzidzi m'kati mwa galasi mumaoneka banga lonyezimira ngati kalilole. Bangalo ndilo limameza timpweya totsalira. Mukapeza valavu yomwe banga lake layera ngati ufa, dziwani kuti mpweya unalowa, yafa imeneyo, musavutike n'kuiyesa.

Chomwe mafilimuwa sanena ndi malipiro a amayiwo, kutopa kwa maso awo, kapena kuchuluka kwa mavalavu otayidwa. Kampani sinkajambula zoipa zake. Muziwaonera ngati mmene mumamverera wogulitsa pamsika akutamanda katundu wake.

Anafika bwanji pa intaneti?

Njira ndi zitatu. Yoyamba ndi nkhokwe zenizeni zosungira mafilimu. Rick Prelinger anayamba kutolera mafilimu a makampani ndi a masukulu ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene anthu ankangowataya. Mu 2002 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatenga mafilimu ake pafupifupi 60,000, ndipo masauzande angapo anaikidwa pa tsamba la Internet Archive kuti aliyense aonere. Electrons on Parade ali m'gulu limenelo. Yachiwiri ndi makampani ogulitsa zithunzi zakale, monga British Pathé yomwe mu 2014 inaika mafilimu pafupifupi 85,000 pa YouTube, kuonera kwaulere koma kugwiritsa ntchito n'kolipira. Yachitatu ndi anthu wamba: wina anali ndi tepi ya VHS yokopedwa ku tepi inzake, waisamutsira pa kompyuta, waiponya pa intaneti, anthu khumi aikopa n'kuiponyanso, aliyense ndi dzina lake pakona. Njira yachitatuyi ndiyo imabala chisokonezo chambiri.

Filimu yatha zaka 70, fakitale inagwetsedwa, kampani kulibe. Si ndiye kuti ilibe mwini?

Ayi, ndipo safunsa anadya phula. Copyright, umwini wa mwalamulo woletsa ena kukopa chinthu popanda chilolezo, ndi chuma ngati nyumba. Kampani ikatha, chuma chake chimagulidwa kapena kulowa kwa ena, sichisanduka cha aliyense. RCA inatseka fakitale yake ya mavalavu ya ku Harrison, New Jersey mu 1976, ndipo mu 1986 kampani yonse inagulidwa ndi General Electric n'kugawidwagawidwa. Mullard inali m'manja mwa Philips kuyambira 1927, ndipo dzinalo linasiya kugwiritsidwa ntchito ndi eni akewo mu 1988. Mapepala a makampani otere amakhala kwinakwake, ngakhale amene akuwasunga asakudziwa kuti ali ndi filimu ya mavalavu.

Musasokonezenso dzina lamalonda ndi copyright. Lero mavalavu atsopano olembedwa Mullard amapangidwa ku Saratov ku Russia pansi pa kampani ya ku America ya New Sensor. Kugula dzina la pa katoni sikutanthauza kuti wagulanso mafilimu a ku Blackburn.

Ndiponso si nthawi zonse kampani ya mavalavu inali mwini filimu. Nthawi zambiri ntchito yojambula ankapatsa kampani ina ya mafilimu, ndipo umwini unkatengera zimene analemberana.

Nanga bwanji mafilimu ambiri a ku America amati ali mu public domain?

Public domain ndi pamene chinthu chilibenso copyright, aliyense atha kuchikopa, kuchisintha, ngakhale kuchigulitsa osapempha. Ku America mafilimu ambiri a makampani anagweramo msanga chifukwa lamulo lawo lakale linali ndi misampha iwiri.

Msampha woyamba unali chizindikiro. Filimu yofalitsidwa chisanafike chaka cha 1978 inkayenera kukhala ndi mawu oti copyright kapena chizindikiro chake, chaka, ndi dzina la mwini. Ikatuluka popanda zimenezi, umwini unkatayika pomwepo. Wachiwiri unali kukonzanso. Chilichonse chofalitsidwa chisanafike chaka cha 1964 chinkatetezedwa zaka 28 zokha, ndipo mwini ankayenera kukalembetsanso m'chaka chomaliza. Ndani akanakumbukira mu 1970 kukalembetsanso filimu yotsatsa mavalavu ya mu 1942, pomwe aliyense anali atathamangira ku matranzisita? Ambiri sanavutike nazo.

Amene anachita zonse molondola amatetezedwa zaka 95 kuchokera pomwe filimu inafalitsidwa. N'chifukwa chake zinthu za mu 1928 zinamasuka pa 1 January 2024, ndipo chaka chilichonse gulu lina limatsatira. Pamwamba pa izi, filimu yopangidwa ndi antchito a boma lalikulu la America pa ntchito yawo, monga ambiri ophunzitsira asilikali za wailesi ndi rada, ilibe copyright m'dzikomo kuyambira pachiyambi.

Pali kamsampha kena kobwerera kumbuyo. Malamulo onsewa amakhudza filimu yofalitsidwa. Ngati inangoonetsedwa kwa antchito m'kati mwa fakitale, makope ake osagulitsidwa kapena kubwereketsedwa kwa anthu, ikhoza kuwerengedwa ngati yosafalitsidwa, ndipo yotere ya kampani imatetezedwa zaka 120 kuchokera pomwe inapangidwa. Filimu yobisika kwambiri ndiyo ingakhale yomangika kwambiri.

Ndingafufuze ndekha ngati analembetsanso?

Mungathe, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi filimu yeniyeniyo, yathunthu, muone poyambira ndi pothera ngati pali chizindikiro. Kope la pa intaneti lodulidwa mutu silikuthandizani, chifukwa wodula uja mwina anachotsa pomwe panali chizindikirocho. Kenako wonjezerani zaka 27 ndi 28 pa chaka chofalitsidwa, mufufuze zaka ziwirizo m'mabuku a Catalog of Copyright Entries, omwe anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti. Zolembetsa za kuyambira 1978 zili pa tsamba la US Copyright Office. Fufuzani ndi dzina la filimu, la kampani ya mavalavu, ndi la kampani yojambula. Zimene mwapeza lembani n'kusunga, tsiku lina zidzakuwombolani.

Ya ku Britain nayo n'chimodzimodzi?

Kutalitali. Ku Britain kunalibe zolembetsanso kapena msampha wa chizindikiro, choncho palibe filimu inamasuka chifukwa cha kuiwala kwa kalaliki. Lamulo la lero limati zaka 70 ziwerengedwe kuchokera pa imfa ya womaliza kumwalira mwa anthu anayi: wotsogolera kujambula, wolemba nkhani ya filimu, wolemba zolankhula, ndi wopeka nyimbo zopangidwira filimuyo. Ngati womaliza mwa anayiwa pa filimu ya mu 1961 anamwalira mu 1990, muwerenge mpaka kutha kwa 2060.

Mafilimu opangidwa pasanafike pa 1 June 1957 ali ndi vuto lawolawo. Nthawi imeneyo lamulo silinkazindikira filimu ngati chinthu pachokha, linkaiteteza ngati mndandanda wa zithunzi, komanso ngati sewero ngati munali sewero. Ndiye umayenera kufunsa za wojambula zithunzizo ndi wolemba mawu, anthu omwe m'mafilimu a fakitale nthawi zina mayina awo sanalembedwe n'komwe.

Ndipo musaganize kuti filimu ya ku Britain ndi yomasuka ku America poti sinalembetsedwe kumeneko. Lamulo la mu 1994 linabwezeretsa copyright ya zinthu zakunja zomwe zinali zikutetezedwabe kwawo pa 1 January 1996, ndipo khoti lalikulu la America linavomereza zimenezi mu 2012 pa mlandu wa Golan v. Holder. Filimu yathu ya mu 1961 ija, ngati inagwera m'gulu limeneli, ku America ndi yotsekeka mpaka kutha kwa 2056.

Ine ndili ku Lilongwe, mnzanga ali ku Johannesburg. Lamulo la dziko liti limatikhudza?

La dziko lomwe mukugwiritsira ntchito filimuyo. Public domain ili ndi malire ngati mayiko. Malawi analowa m'pangano la mayiko pa za copyright, la Berne, mu 1991, kutanthauza kuti zopangidwa kunja zimatetezedwa kuno ngati zathu zomwe, ndipo panganolo limati filimu itetezedwe zaka zosachepera 50 kuchokera pomwe inaonetsedwa kwa anthu. Lamulo lomwe likugwira ntchito kuno ndi la mu 2016, ndipo bungwe lofunsako ndi COSOMA. South Africa nayo imawerenga zaka 50 pa mafilimu. Choncho kuonetsa filimu ya mu 1961 m'kalasi ku Zomba ndi nkhani ina, kuiika pa intaneti ndi nkhani inanso, chifukwa ikakwera pamenepo ikuonekanso ku London ndi ku New York, ndipo makampani a masamba akuluakuluwa amayendera kwambiri lamulo la ku America.

Mafunso omwewa amabuka pa mafilimu a kwathu kuno a nthawi ya atsamunda, monga a Central African Film Unit yomwe inagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963, ndipo ambiri mwa iwo akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare. Mukafuna kagawo ka amenewo, lemberani nkhokwe yomwe ikuwasunga, osangotola pa tsamba la munthu.

Munthu amene anagula mpukutu n'kuusamutsira pa kompyuta, kodi sakhala mwini wa kanemayo?

Funso limeneli ndilo limakanganitsa anthu, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Wosamutsa uja anagula mpukutu ndi ndalama zake, anautsuka, analumikiza moduka, anagula makina okwera mtengo, anakhala usiku wonse akukonza kuwala. Akaona wina wangokopa n'kuikapo dzina lake, mtima umamupweteka, ndipo n'zomveka.

Koma lamulo la copyright silipereka mphoto ya thukuta, limateteza luso latsopano. Khoti lalikulu la America linanena zimenezi mu 1991 pa mlandu wa Feist, wokhudza buku la manambala a telefoni. Mu 1999, pa mlandu wa Bridgeman Art Library v. Corel, khoti lina ku New York linagamula kuti chithunzi chokopa ndendende chojambula chakale chomwe chili mu public domain sichibala copyright yatsopano, ngakhale wojambulayo akhale katswiri chotani. Cholinga chake chinali kufanizira, osati kupeka. Mlanduwo unali wa zojambula zapakhoma, koma ambiri odziwa malamulo amaona kuti mfundo yake imagwiranso pa filimu yongosamutsidwa. Mayiko a European Union analemba mfundo yofanana nayo m'lamulo lawo la mu 2019 pa zojambula zomwe nthawi yake inatha.

Ndiye pali zinthu zitatu zosiyana. Pali mpukutu weniweniwo, womwe ndi katundu wa amene anaugula. Pali copyright ya filimu, yomwe ili kwa wolowa m'malo mwa kampani kapena inatha. Ndipo pali fayilo ya pa kompyuta. Kukhala ndi choyamba sikukupatsani chachiwiri, monga mmene kugula CD pamsika sikukupatsirani ufulu woibena makope n'kumagulitsa. Ngati filimu idakali ndi mwini, wosamutsayo payekha ndiye woyamba kukopa popanda chilolezo. Ngati inamasuka, inamasukira tonse, iye ndi inu.

Maganizo anga ndi akuti mum'tchule munthuyo ngakhale lamulo silikukukakamizani. Khoti lalikulu la America pa mlandu wa Dastar mu 2003 linati wogwiritsa ntchito chinthu cha mu public domain sakakamizidwa ndi lamulo la zizindikiro zamalonda kutchula amene anachipanga. Koma popanda anthu otola zitini m'zinyalalawa, tikanaonera chiyani?

Ngati ndi choncho, bwanji ena amalipiritsa mafilimu a mu public domain, ena n'kudindapo chizindikiro chawo pakati?

Chifukwa akugulitsa khomo, osati umwini. Amene ali ndi kope labwino yekha sakakamizidwa kukupatsani. Atha kuika pa intaneti kope losaoneka bwino lodindidwa dzina lake ndi manambala oyenda pansi, loyera bwino n'kulisunga kwa olipira. Mukagula, mumasainirana mgwirizano, ndipo chimene chimakumangani ndi mgwirizanowo. Ukanena kuti mugwiritse ntchito m'kanema mmodzi yekha, mukaswa mwaswa pangano, ngakhale filimuyo ilibe copyright. Masamba ena amakumangani ndi kabokosi kaja mumadina osawerenga. Ngakhale mafilimu a Prelinger, omwe ambiri ndi aulere pa Internet Archive, amagulitsidwanso kudzera ku Getty Images kwa opanga mapulogalamu a pa TV ofuna kope lapamwamba ndi chikalata m'manja.

Nanga akaipaka mitundu, kapena kuiyeretsa ndi AI?

Mu 1987 US Copyright Office inavomera kulembetsa mafilimu akale opakidwa mitundu, poona kuti munthu anasankha yekha mitundu yambirimbiri. Chotetezedwa ndi mitunduyo basi, zithunzi zakuda ndi zoyera zapansi zimakhalabe mmene zinalili. Chimodzimodzi mawu ofotokozera atsopano, nyimbo zatsopano, kapena mawu omasulira olembedwa pansi. Mukamasulira m'Chichewa filimu yomasuka, kumasulirako n'kwanu. Koma kungodina batani kuti pulogalamu ipake yokha n'kovuta kukutcha luso la munthu, ndipo ofesi yomweyo yakhala ikukana kulembetsa zopangidwa ndi makina okha.

Kunena za kukoma kwake, ine zopakapakazi sindizikonda. Pulogalamu ikakumana ndi kaukonde ka waya wowonda imakasalaza ngati litsiro, chinthu chomwe umafuna kuona chija n'kusowa.

Ndafufuza, filimu ndi yomasuka, koma nditaiika pa intaneti akuti muli nyimbo ya eni. Zatheka bwanji?

Zinandichitikira. Ndinadula mphindi zinayi za chimakina chotsekera magalasi chija, n'kuikapo mawu anga ofotokoza, ndi cholinga chothandiza anyamata awiri omwe ndinkawaphunzitsa ntchito. Pasanathe ola limodzi uthenga unabwera kuti kampani ina ya nyimbo, yomwe ndinali ndisanaimvepo, ikuti kanyimbo ka malipenga komveka chapansipansi kwa masekondi makumi awiri ndi kake. Ndinakwiya, koma nditafufuza ndinapeza kuti mwina sankanama.

Opanga mafilimu a fakitale kawirikawiri sankalemba woimba wawo. Ankabwereka nyimbo zokonzeratu ku makampani ochita malonda amenewo, monga De Wolfe, Chappell ndi KPM a ku London, ndipo nyimbo zotere zili ndi copyright yakeyake yosadalira filimu. Chitsanzo chodziwika ndi It's a Wonderful Life ya mu 1946: eni ake sanailembetsenso mu 1974, ma TV anaionetsa mwaulere kwa zaka zambiri, koma mu 1993 kampani ya Republic Pictures inaigwiranso podzera ku nyimbo zake ndi nkhani yomwe filimuyo inachokerako. Ine ndinangozimitsa mawu onse akale, n'kusiya zithunzi ndi mawu anga. Phokoso la malawi lija linapita nawo, zomwe zinandidandaulitsa.

Claim ndi strike pa YouTube n'zosiyana bwanji?

Claim imachokera ku makina otchedwa Content ID, omwe anayamba mu 2007. Amafanizira kanema wanu ndi zomwe makampani anapereka, akapeza zofanana mwiniyo atha kutenga ndalama za malonda, kutseka kanemayo m'mayiko ena, kapena kungomuyang'anira. Tchanelo chanu sichivulala. Makinawa sadziwa za public domain: ngati wina anagwiritsa ntchito kagawo komweko m'pulogalamu yake n'kuipereka yonse, adzakugwirani inu ngati mwaba kwa iye. Mutha kutsutsa, ndipo wodandaulayo amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe. Apa m'pamene zofufuza munasunga zija zimagwira ntchito.

Strike ndi yolemera. Imabwera mwini akapempha mwalamulo kuti kanema achotsedwe, motsatira lamulo la ku America la DMCA la mu 1998. Zikakwana zitatu m'masiku 90 tchanelo chimatsekedwa. Mutha kuyankha ndi chikalata chotsutsa, koma dziwani kuti mumalumbira, dzina ndi adiresi yanu zimaperekedwa kwa wodandaulayo, ndipo mumavomera kuti nkhaniyo ikhoza kupita kukhoti ku America. Musachite zimenezo chifukwa cha mkwiyo chabe.

Ndikangotenga masekondi ochepa, n'kulemba kuti sindine mwini, sizokwanira?

Mawu oti sindine mwini sateteza munthu, amangosonyeza kuti mumadziwa. Lamulo la masekondi 10 kapena 30 kulibe, ndi mphekesera chabe. Ku America kuli fair use, mpata wogwiritsa ntchito chinthu cha eni osapempha, womwe umayang'ana zinthu zinayi: cholinga chanu, mtundu wa chomwe mwatenga, kuchuluka kwake, ndi ngati mukuphera mwiniwake msika. Kagawo kakafupi koonetsa getter ikuyaka, inu mukufotokoza zomwe zikuchitika, kali ndi poimira. Filimu yonse yongoikidwa mmene ilili ilibe. Britain ndi mayiko ambiri omwe anatengera malamulo ake ali ndi mpata wocheperapo, wa zinthu zotchulidwa mayina monga kuphunzira, kuunika ndi kugwira mawu, ndipo kawirikawiri amafuna mutchule gwero.

Mwini ndamusaka sakupezeka. Nditani?

Zoterezi amazitcha orphan works, ntchito zamasiye. Ku Britain kuyambira 2014 mutha kupempha chilolezo ku Intellectual Property Office mutasonyeza kuti munafufuza mokwanira. Chimagwira m'dzikomo mokha, kwa zaka zosapitirira 7. Ku America nkhaniyi inakambidwa kangapo koma lamulo silinadutse, ndiye wogwiritsa ntchito amasenza yekha chiopsezo. Njira yosavuta kwa ambiri a ife ndi kupatsa anthu linki ya pomwe nkhokwe yodalirika inaika filimuyo, m'malo moikopa.

Mavalavu akupangidwabe? Mafilimuwa ali ndi ntchito lero?

Akupangidwa, ngakhale mafakitale ndi owerengeka: JJ Electronic ku Čadca ku Slovakia, ija ya ku Saratov, angapo ku China, ndi Western Electric ku Rossville, Georgia yomwe imapanga valavu yotchedwa 300B. Oimba magitala ndiwo msika waukulu, chifukwa ma ampulifaya a Marshall, Fender ndi Vox otchuka aja amayendera mavalavu otchedwa EL34, 6L6 ndi EL84. Mu 2022, malonda ndi Russia atasokonekera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, mitengo inakwera ndipo masitolo ena anauma. Akale a ku Blackburn osagwiritsidwapo ntchito amagulidwa modula, ndipo odziwa amayang'ana timanambala tozokotedwa m'munsi mwa galasi, pomwe chilembo B chimaimira fakitale imeneyo. Mu microwave ya kukhitchini namonso muli m'bale wake wa valavu, magnetron.

Ndapeza chitini cha filimu m'katundu wa malemu agogo. Ndiyambire pati?

Musaiike pa pulojekita. Filimu yakale imafota, ndipo mano a makina amang'amba timabowo ta m'mbali. Yezani kaye m'lifupi mwake. Ikakhala ya mamilimita 16, mtundu womwe Kodak inatulutsa mu 1923, si yoyaka mwangozi. Ikakhala ya mamilimita 35 ndipo ndi ya chisanafike chaka cha 1952, ikhoza kukhala ya nitrate, yomwe ikagwira moto sizima ngakhale muimize m'madzi. Yang'anani m'mphepete mwake, nthawi zambiri pamalembedwa NITRATE kapena SAFETY. Ya nitrate italikitseni ndi moto ndi dzuwa, musagone nayo m'chipinda, ndipo funsani a nkhokwe monga National Archives ku Zomba.

Tsegulani chitinicho panja, mununkhize. Fungo la viniga likutanthauza kuti yayamba kuwola, ndipo nthenda imeneyi imafulumira m'malo otentha ndi achinyontho ngati kwathu kuno, komanso imapatsira zinzake, choncho ipatuleni. Isungeni pozizira ndi pouma, chitini chitagona chafufumimba, osati choimika. Musanachite china chilichonse, jambulani ndi foni zolembedwa pa chitini, kapepala kalikonse kali m'katimo, ndi mafelemu oyambirira mutawayang'anitsa pa windo. Gwirani m'mbali mokha ndi manja oyera, ndipo mufunyulule pang'onopang'ono mpaka pomwe pali dzina la filimu, chaka ndi kampani yomwe inajambula.